Kadontho Kokana Mzere

Magetsi apita kachitatu lero.
Ndatsala ndi pensulo, tochi ya pafoni
ndi zilembo zitatu papepala:
china cha maselo amene adakali bwino,
china cha omwe kachilombo kawalowa kale,
chachitatu cha kachilombo komweko,
koswana ngati anankafumbwe m'thumba losathira mankhwala.

Ndimaphatikiza, ndimachotsera:
obadwa patsiku, akufa patsiku,
asilikali a m'thupi ofika mochedwa,
wakuba atatuluka kale ndi ng'ombe.
Mzere umakwera moimirira
ngati phiri la Kasungu ukaliona uli pa depoti,
kenako n'kutsetsereka mapiritsi akayamba kugwira,
mpaka makina a mu labu n'kuti: sindikuona kanthu.

Anthu makumi asanu agona pamzerewo,
aliyense kadontho kake, momvera.
Koma nambala 47 wakana.
Mu Febuluwale kadontho kake kanadumphira m'mwamba
ngati chiwala chodzidzimutsidwa.

Ndinabwereza masamu kasanu.
Ndinanamizira makina, ndinanamizira firiji,
ndinafika pokalipira Lekeleni wotenga magazi
kuti mwina anasokoneza timabotolo.

M'mawa mwake iye, akuvala magolovesi, osandiyang'ana:
"Adokotala, 47 amakhala kutsidya kwa Dwangwa.
Madzi anadzaza masiku khumi ndi awiri.
Mapiritsi anamuthera akuyang'ana mtsinje."

Dzina lake sindilidziwa, lamulo silindilola.
Magazi ake ndimawadziwa kuposa mkazi wake,
maola amene kachilombo kamatenga kuti kachuluke kawiri,
tsiku lomwe chitetezo chake chimayamba kugwada.
Zoti kwawo kulibe mlatho
sindinkazidziwa.

Ndasanthula zilembo zonse za Chigiriki.
Palibe choimira mtsinje.
Palibe cha wakabaza wokana matope,
kapena cha belo la fodya lobwezedwa ku Chinkhoma
ndalama yoyendera ili m'menemo.

Ndiye usiku uno ndalemba chachinayi.
Ndachitcha m, wa madzi.
Mzere wanga wapindika, wanyansa,
kumsonkhano wa ku Lilongwe sakauombera m'manja.
Koma 47 wakhalapo tsopano, ndendende,
ngati munthu amene amusendera pa benchi.

Magetsi abwera. Firiji yayamba kung'ung'udza.
Padenga la labu mvula yayambanso, yamphamvu,
ndipo pensulo yanga, osaiuza,
yayamba kale kuwerenga
mapiritsi otsala m'botolo
kutsidya kuja.