Buku Limodzi, Makomo Atatu

Adada ankasankha khofi ku Luwinga
zaka makumi awiri, osamulawa ndi tsiku limodzi.
Madzulo malaya awo ankanunkhira tchimo,
amayi n'kuchapa, n'kuyanika pa waya,
chifunga n'kudzawanyowetsanso usiku.

Anabatizidwa mu Lunyangwa mwezi wa Juni,
madzi akucheka ngati lumo.
Anyamata awiri a mataye anawasiyira buku lachikuto chabuluu
ndi mbiri ya mneneri wakutali
amene anaphedwa asanaloze bwinobwino
woyenera kutola ndodo yake.
Ife tinkati zimenezo n'zakwawo.
Sitinadziwe kuti mng'alu ukayamba kudenga
umatsika ndithu mpaka pamaziko.

Tinali anthu khumi ndi asanu ndi anayi
m'kalasi ya pulayimale ku Chibavi,
mawondo akugunda madesiki a ana,
pabolodi pali masamu osafufuta.
Buledi mmodzi wa ku Taifa ankatikwana tonse,
madzi m'tizivindikiro ta mabotolo.

Oyamba kuchoka anali a Fumbani Msowoya.
Analandira kalata ya masitampu anayi.
Anati vumbulutso lakale silinafafanizidwe,
anthu ndiwo anachita mantha ndi boma,
ndipo kumwamba kwapamwamba kuja
munthu safikako ndi mkazi mmodzi.
Mwezi usanathe Suzgika wogulitsa mbatatesi
anali akusesa pakhomo pawo ku Zolozolo.
Mkazi wamkulu anasiya kuimba.
Pakamwa ankatsegula, koma osatuluka kanthu.

Kenako azakhali, Nyaharawa,
amene ankawerenga ndime mwaukadaulo kuposa amuna onse.
Anamva za nthambi ina
yomwe inatsata mwana wa mneneri,
yomwe masiku ano imasanjika manja pamutu wa mkazi.
Anati Mulungu sanatseke pakamwa,
nanga inu mukutsekeranji panga?
Anapita ndi anthu asanu ndi benchi imodzi.
Benchiyo adada anaidandaula mpaka kufa.

Pamsika ankapatsana moni wa m'mphuno.
Wa sakramento, wopalasa njinga uja,
ankafunsa Lamulungu m'mawa:
Ziyoni wake uti lero, wakumtunda kapena wakudambo?
Mtengo unali umodzimodzi.

Adada anamwalira mvula ya Epulo ili pakati.
Onse anabwera, aliyense buku labuluu m'khwapa,
la a Msowoya lomangidwa ndi mphira,
la azakhali lodzaza mizere yofiira,
la adada pamwamba pa bokosi, likufufuma ndi madontho.
Ndani apatule manda?
Uyu akuti makiyi a unsembe ali kwathu,
uyo akuti anatayika kalekale panjira ya kuchipululu,
azakhali akuti mlongo wanga ndinamubereka kumsana
inu musanadziwe n'komwe kuti kuli makiyi.

Ndinaima pamenepo, nsapato zikumira m'dothi lofiira,
ndikuganiza za gule amene adada ankamukonda,
ayi, osati wa ng'oma,
wa mayina a akufa omwe ankalemba m'kope,
agogo a agogo, mpaka ku Hewe,
kuti tsiku lina wina adzawabatizikire.
Azakhali ankati n'zosafunika.
A Msowoya ankati inki yake njosavomerezeka.
Kopelo lili ndi ine. Tsamba lomaliza lilibe kanthu.

Adzukulu anadikira, anadikira,
wina wa Katolika, wina wa mzikiti,
wina wosapemphera kulikonse koma wodziwa khasu.
Madzi atayamba kulowa m'dzenje
wamkulu wawo anavula chipewa, nati pepani,
dothi silidziwa kudikira msonkhano.
Anatsitsa bokosi.

Kunyumba ndinatereka ketulo.
M'thumba la jekete la adada ndinapeza njere zitatu za khofi,
zosakazinga, zobiriwira, zolimba ngati timiyala.
Sindinazitaye.
Ndinatsegula kope lija,
ndinalemba dzina lawo pansi pa la agogo,
Yotamu Luhanga,
ndipo pa mzere wofunsa mpingo
cholembera chinaima.
Kunja, pamsasa, anali atayamba kuimba,
magulu atatu, nyimbo imodzi,
aliyense akuthamangira kutsogola.