Fotokozani, ndi Zitsanzo

Ndabwera nalo kutchuthi buku lachikuto chobiriwira,
lolemera ngati njerwa yonyowa,
lobwereka kulaibulale ya ku Zomba.
Ndalitsegula pathebulo la makina a Twaibu,
pakati pa zidutswa za nsalu ndi choko cha utelala,
pakhonde pa Mpondasi
pomwe fumbi la akabaza silikhazikika.

Bukuli likuti munthu sabadwa atamalizidwa.
Likuti umuna ndi sewero lobwerezabwereza
mpaka wosewerayo aiwale kuti anachita kuphunzira.
Likuti oonera amakhalapo ngakhale popanda nsanja,
ndipo wophonya mawu amalipira.
Aphunzitsi anatha masabata atatu akumasulira zimenezi.
Ine ndinazimva ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi,
tsiku lomwe amalume a Jafali anandithyapa padzanja:
"Dzanja la mwamuna silipindika chonchi.
Yendanso. Kayambire pamtengo wa mango paja."
Ndinayenda kasanu ndi kawiri, dzuwa lili paliwombo,
mpaka anati eya, n'choncho.
Mpaka lero ndikamaoloka mlatho wa Shire
ndimawerenga mapazi anga.

Loweruka kunali beni pabwalo la sukulu.
Madoda a ku Namwera m'makhaki ositasita,
mendulo za zitsekerero za mabotolo zikuphethira pachifuwa,
sajeni ndi wezulo yake akulamula asilikali opanda mfuti.
Ndinalemba m'mphepete mwa tsamba 84:
makolo awo anaba kayendedwe ka mzungu
n'kukasandutsa gule.
Anthu anaomba m'manja, amayi nthungululu,
wina anapanikiza ndalama pachipewa cha sajeni.
Aliyense ankadziwa kuti n'zovala chabe,
kuti madzulo sajeni abwerera kukasenda chinangwa.
Changa sindivula
ngakhale ng'oma italeka.

Asiyatu amagulitsa anyezi mumsika waukulu,
chipewa chotambalala, malaya a manja aatali.
Iye alibe chobisa. Khungu lake lachialubino
limafika iye asanafike.
Ndiye amaseka msanga ena asanayambe,
amadzitchula yekha dzina lomwe likubwera m'kamwa mwawo
kuti liwagwere pansi lozizira.
Amaweruka dzuwa lisanapendeke,
sadzera njira imodzi masiku awiri otsatizana.
Ndinamuwerengera ndime ina, ya thupi lomwe anthu amaliwerenga
ngati chikwangwani.
Anandiyang'ana akusanja milu, n'kufunsa:
"Amene analemba zimenezi, amagulitsa chiyani?"
Sindinamuyankhe. Ndinagula mulu wa anyezi
womwe sindinkaufuna.

Kwa odutsa mumsewu ndine kasitomala wovuta,
wa buluku losatha kukonzedwa.
Miyezi isanu Twaibu akulifupikitsa, kulitalikitsa.
Tepi ikazungulira m'chiuno mwanga
amatchula nambala mokweza
kuti amve a m'golosale yoyandikana,
koma chala chake chimachedwa pang'ono palamba.
Pang'ono pokha.
Bukuli lili ndi dzina la kuchedwa kumeneko,
dzina lalitali, lachingerezi, lovuta kulitafuna.
Ife sitinakupatse dzina.
Chokhala ndi dzina anthu amachiitana kubwalo.

Amayi ake amupezera mbeta ku Malindi.
Ukwati uliko mwezi wosala ukangotha.
Suti akusoka yekha, usiku, ndi nyali ya foni,
ndipo ine ndapemphedwa kudzathandiza kunyamula mipando.
Ndidzanyamula. Ndidzavinanso.
Dzanja langa silidzapindika.

Mayeso ali Lachinayi la sabata yotsegulira.
Funso ndikulidziwa kale, limabwera chaka chilichonse:
Fotokozani, ndi zitsanzo.
Zitsanzo ndili nazo,
china chili pano chikupondaponda makina,
singano ili kukamwa.
Ndidzalemba za beni.
Ndidzakhoza bwino.

Mwazini waitana kumzikiti wa kuseri.
Twaibu wadula ulusi ndi mano,
wasasa zidutswa pabuku langa ndi chikhatho,
akuti buluku silinathe,
ndibwerenso mawa.