Mwana wa Diso

Magetsi athimanso ku Mufakose.
Ndikuwerenga ndi tochi ya foni,
mayeso a unamwino ali mkuja.

Buku likuti maleriya ndi Chitaliyana:
mpweya woipa, basi.
Ankaimba mlandu madambo
udzudzu ukuwaimbira m'khutu.
Bakiteriya ndi kandodo.
Mnofu wa pamkono, kwa Aroma, unali kambewa
kothamanga pansi pa khungu.
Ndaseka ndekha. Kwathu tikadakawamba.

Vakisini anachokera ku ng'ombe,
koma katemera ndi wathu,
muli lumo, muli mphini.

Bambo akutsokomola kuchipinda.
Anachoka ku Ntcheu ndi sutikesi ya malata,
zaka makumi anayi akusoka matumba ku Workington,
Chishona chawo chikutsimphinabe.

Lachiwiri ku Parirenyatwa
dokotala anatsitsa mawu: khansa.
M'kombi pobwerera anandikodola,
"Esinati, m'buku mwakomo chimenechi amati n'chiyani?"
"Ndi nkhanu, bambo.
Agiriki anaona ngati miyendo yake."
Anakhala duu mpaka ku Kambuzuma.
"Nkhanu ndinkagwira ndili mnyamata.
Umangoidzera kumsana."

Za tsamba lotsatira sindinawauze.

Usiku uno ndawaunika m'maso
monga anatiphunzitsira.
Kadontho kakudako Aroma ankati kachidole, kamtsikana.
Ife timati mwana wa diso.
Ndasuzumira,
ndipo mulidi mwana,
wagwira tochi,
dzanja likunjenjemera.