Kanungu wa Khola la Nambala Seveni

Usiku wa Juni kuno ku Joni
chisanu chimaluma osauwa.
Ndikankha wilibala kudutsa makola a anyani,
mkango ukutsokomola chakumtunda,
ndipo kuseri kwa mpanda wamagetsi
mataksi omaliza akuthawira m'tauni.

Khola la nambala seveni ndi lako.
Pachikwangwani analemba dzina lalitali la Chilatini
limene ana asukulu amalilumpha
pothamangira njovu.
Masana sakuona, umakhala wapindika m'mphako ya chipika.
Amene timadziwana ndife awiri,
ogwira ntchito anthu akagona.

Sindiwe nungu ya kwathu ku Dedza,
ija ya minga ngati mikondo
imene bambo ankaitukwana m'munda wa mbatata.
Iwe ndiwe wochepa, makilo atatu pasikelo,
thupi lalitali ngati khoswe wonona,
minga yaifupi, yaphwatalala, yogonera kumbuyo,
mchira wamamba wothera m'katsache koyera.
Ukaopa umaponda pansi, di di,
n'kugwedeza katsacheko,
kamalira ngati nyemba zouma m'makoko.

Mukendi wa ku Kisangani, wotsuka dziwe la mvuu,
atakuona anavula chipewa.
Anakutchula dzina limene lilime langa lakana.
Akuti kwanu nkhalango imadontha
ngakhale mvula italeka dzana,
dzuwa limafika pansi ngati makobiri omwazika.
Akuti mumayenda asanu, asanu ndi atatu,
kanjira kamodzimodzi usiku ndi usiku,
kutola zipatso zimene anyani agwetsa,
kufukula mizu, kusenda makungwa,
kukukuta mafupa a nyama zofa kale.
Mtsinje mumasambira, mtengo mumakwera.
Mayi asenza mimba miyezi itatu ndi masiku,
n'kubala kamodzi kokha,
kobadwa maso ali phenyu, mano ali kale m'kamwa,
minga ili yofewa ngati tsitsi lonyowa.

Kenako anatsitsa mawu.
Amalume ake ankatchera waya pa tinjira tomweto,
poti nyama yanu siikhalitsa pamsika.
"Njira yozolowera," anatero, "ndiyo imapereka mwini wake."

Ananenanso za mchira:
kambuku akaugwira, umaduka,
iwe n'kuthawa wopanda katsache,
ndipo sumeranso.
Ndinaseka. Kenako ndinaganiza za Ndaziona
amene ndinamusiya akukwawa,
lero akulemba mayeso a Sitandade eyiti,
pafoni amanditchula "bambo" mokayika,
ngati mawu obwereka.

Cha m'ma thu koloko magetsi athima.
Jenereta ithamangira njoka ndi mbalame zodula,
getsi lako lofunditsa lizizira pang'onopang'ono,
waya wofiira kusanduka phulusa.
Nditereka madzi pa gasi wa alonda,
ndidzaza mabotolo awiri a fanta,
ndiwakulunga m'juzi yanga yobooka m'zigongono,
ndiwakankhira m'mphako.
Katsache kalira kamodzi, kawiri.
Ndine, iwe, ndine.

Utuluka mphuno kutsogolo, ndevu zikuyeza mdima.
Ulandira mbatata ndi timanja tiwiri,
uitembenuza, uyamba ndi kumene kwapsa mtima,
nthochi uisiyira mawa.
Kaya umalota chinyezi, sindidziwa.
Mwina unabadwira m'bokosi ku Ulaya,
nkhalango sunaione n'komwe,
koma umayendabe kanjira kamodzi m'mbali mwa khoma
mpaka utuchi wadiikika.

M'mawa ndisesa.
Pakati pa makoko ndi ndowe pali munga wathothoka,
woyera kutsinde, woderera kunsonga,
wamfupi kuposa chala changa.
Bwana Van Rooyen salola kutulutsa kanthu pageti.
Ndiulowetsa m'chikwama,
pambali pa pepala la pemiti lotha mu Malichi.

M'taksi ya ku Yeoville tathinana anayi anayi,
mazenera achita nthunzi, palibe wolankhula.
Pa bampu iliyonse munga ukundibaya ntchafu.
Mayi wa pambali andiyang'ana.
Ndisuntha pang'ono,
koma sindiuchotsa.