Mabowo Khumi ndi Awiri

Ndili ndi mabowo khumi ndi awiri pakhoma,
sola imodzi padenga, yong'aluka pakona,
ndi batire la lole yomwe inafera pamtsetse wa Thekerani.
Foni imodzi, mazana awiri.
Pachitseko ndinalemba ndi choko kuti ngongole ayi,
mvula inafufuta ayi.

Anthu a kuno ndimawadziwira ku moto wa m'mafoni awo.

A Namakhwa othyola tiyi amabwera Lachitatu ndi Loweruka basi.
Yawo imagona pamfundo ya chitenje, yozimitsa,
amaidzutsa dzuwa likapendeka
kuti amve ngati mwana wa ku Joni wakumbuka.
Moto amautapa ngati mchere wopempha.

Witinesi wa kabaza ndi moto wa lupsa.
M'mawa wadzaza, nkhomaliro isanakwane ali pano,
akuti foniyi ndi yabodza,
inati makumi atatu ndikuyamba chitunda cha ku Makwasa,
pofika pamwamba yathima.
Satchula zigoli zomwe amabwereza podikira okwera,
satchula Dailesi wa ku Luchenza
yemwe amacheza naye mpaka khutu kutentha.

Aphunzitsi a Mulepa batire lawo linatupa
ngati mbuzi yodya chinangwa chowawa,
chivindikiro amachimanga ndi mphira.
Ndinati tayani ichi, chidzakuphulikirani m'thumba.
Anati malipiro akatuluka.
Imeneyo inali nyengo ya mango.
Pano tikukumba mbatata.

Kuno foni imatopa ndi kufunafuna.
Ukagona kuchigwa cha Ruo
imachezera usiku wonse kuitana nsanja ya kwathu,
n'kumayankhidwa ndi ya tsidya lija,
kukacha yawefuka
isanalankhule ndi munthu.

Kenako chiperoni.
Chinatsika Lolemba, chinameza minda ya tiyi,
chinameza nthochi za kuseri, chinakhala pa sola yanga
ngati mlendo wosatsanzika.
Tsiku loyamba ndinaseka.
Lachiwiri ndinatseka mabowo asanu ndi atatu.
Lachitatu anthu anandanda pakhonde,
mafoni m'manja ngati makadi a kusikelo,
uyu akuti kwathu kuli matenda,
uyu akuti anditumizira ndalama, nambala sindinaione,
uyu akungondiyang'ana, tinavinira limodzi.
Bowo lotsiriza, lija ndimasungira yanga,
ndinapatsa a Namakhwa.
Sanapemphe.
Anangoima pakhomo, madzi akudontha m'dengu lawo,
zala zitachita makwinya ndi mame.

Yanga inali pa zinayi.
Inati zitatu.
Ndikukoka chitseko inaphethira kamodzi, n'kugona.
Ndinati palibe kanthu, adokotala anati sabata yamawa.

Lachinayi ngakhale wailesi inakhala chete.
Tinamva madontho a m'malata,
tinamva kuti agalu a kwa Khoviwa alipo atatu.

Lachisanu dzuwa linasuzumira cha m'ma teni,
lofooka, ngati lochokera kuchipatala.
Ndinalumikiza yanga ndisanasese.
Itadzuka inanjenjemera pathebulo
mpaka kugwetsa chisa:
mlamu wanga anaimba kakhumi n'kasanu
ali kuchidikiro ku Thyolo.
Uthenga wa Lachitatu usiku:
Feliya wachira. Mwamuna. Akufunsa dzina.
Wa Lachinayi:
Poti muli zii, tamutcha tokha.
Dzinalo sanalembe.
Mwina nayenso moto unamuthera pakati pa mawu.

Mwana wanga wagona kawiri pansi pano
bambo wake akugawira moto eni ake.

Ndinavala malaya a kutchalitchi, mabatani mosemphana,
ndinakuwira Witinesi kuti liza njinga.
Anati dikirani kaye achimwene,
yanga ingofika pa teni,
msewu wa ku boma ndi wautali, munthu osayenda mumdima.

Ndinakhala pabenchi, nsapato m'manja,
tonse awiri tikuyang'ana kamzere kofiira
kakukwawa ngati nkhono pa tsamba la nthochi.
Sikisi.
Seveni.

Mazana awiri akewo ndinalandira ndithu.