Wodikira Pansi pa Kjerag

Ntchito yanga ndi kudikira pansi.
Ndimazimitsa injini ya boti
n'kukweza maso mpaka khosi kuwawa.
Pamwamba pa thanthwe
anthu amaoneka ngati nyerere pa mlomo wa mbale.

Ndimawerenga.
Aliyense amayamba ngati kadontho,
kenako mluzu wa mphepo m'zovala,
kenako phuu! parachuti yatambasuka,
yofiira, yachikasu,
ine mtima n'kubwerera m'malo.
Akatera pa kamtunda ka miyala
amakwera boti miyendo ikunjenjemera,
akuseka ngati ana amene aba shuga.

Sunniva ndi namwino ku Stavanger.
Tsiku lina akupinda zingwe ndinamufunsa,
bwanji kuika moyo pachiswe chonchi,
iwe wodziwa mmene fupa limathyokera?
Sanakwiye. Anapukuta mphuno yofiira ndi chisanu.
Anati, kuchipatala imfa imalowa osagogoda,
imapeza munthu atagona, atavala malaya a eni.
Ine ndimafuna kuiona nditaimirira.
Ndipo m'mutu mwangamu muli msika,
ngongole, maina a odwala, mawu a amayi pafoni.
Ndikachotsa phazi pa thanthwe
msika wonse umati zii.
Masekondi khumi okha, Torgeir.
Iwe unayamba wamvapo zii wotero?

Sindinayankhe. Ndinaliza injini.

Chaka chatha, mwezi wa Ogasiti,
anakwera asanu ndi awiri.
Ndinawerenga asanu ndi mmodzi.
Wotsalayo anali Eilif, wokonza magetsi,
amene ankandibweretsera khofi m'kapu ya pepala.
Nsalu yake inatseguka ndithu,
koma itapotana, itayang'ana khoma.
Thanthwe silipatukira munthu.
Helikopita inafika nkhungu itatsika kale.

Galimoto lake linakhala ku Lysebotn masabata atatu,
apulo wolumidwa kamodzi akufota pampando,
kumbuyo kuli kansapato ka mwana, kamodzi.
Bambo ake anabwera ndi makiyi ena.
Anaima padoko, manja m'matumba,
n'kundifunsa chinthu chimodzi chokha:
kodi anakuwa?
Ndinati ayi.
Zinali zoona, koma mphepo inkapita kwina tsiku limenelo.

Anzake anayala maluwa pamadzi Lachisanu.
Lamlungu anali pamwamba kachiwiri,
aliyense ali ndi chifukwa chake chomveka:
iye anachedwa kukoka,
iye sanaone mphepo,
ine zingwe ndimapinda kawiri.
Chaona mnzako chapita, amatero anthu,
koma theka lachiwiri la mawuwo
palibe amalinyamula pokwera phiri.
Limalemera.

Gunnvor, mkazi wanga, amati ndisiye,
ndibwerere ku nsomba,
zimene sizikhala ndi makolo odzafunsa mafunso.
Ndimamuuza kuti wina ayenera kukhala pansipo,
madzi ano amaumitsa munthu asanatchule dzina lake.
Amandiyang'ana kwanthawi.
Takhala limodzi zaka makumi atatu,
amadziwa pamene ndanena theka.

Theka linalo ndi ili.
M'nyengo yozizira, thanthwe likavala chipale
ndipo palibe wolumpha,
ndimakonza maukonde, ndimadya, ndimagona,
masiku onse ofanana ngati mbatata za m'thumba limodzi.
Ndimasowa kamphindi kaja
pakati pa kadontho ndi phuu,
pamene mpweya umandiima pakhosi
ndipo ndimamva magazi akuyenda mpaka ku zala.
Ine sindinakwerepo Kjerag.
Ndimaopa ngakhale makwerero a denga langa.
Koma ndimamwa m'kapu yawo yomweyo,
ndipo wolipira ndi wina.

M'mawa uno nkhungu yachoka mochedwa.
Wailesi yalira: tili anayi, takonzeka.
Mawu ndi a Sunniva.
Ndazimitsa injini.
Mmodzi.
Awiri.
Atatu.
Khosi likuwawa,
koma sinditsitsa maso.