Mapu a Bambo Miti

Anabwera nawo atawakulunga m'chitenje,
Lachiwiri masana, fumbi la Okutobala litaphimba Kamwala,
nawayala patebulo pomwe ndimakhomera mafulemu
ngati akugoneka khanda lodwala.
"Anali a bambo anga," anatero Esinati.
"Ankaphunzitsira nawo kalasi ya ubatizo ku Matero.
Muwaike m'galasi asanatheretu."

Chiswe chinali chitalowa kale m'dzikomo.
Chinadya Edomu yense, n'kuluma Moabu m'mphepete;
ntchito yomwe inathetsa mafumu mikondo
icho chinaimaliza m'dzinja limodzi
pansi pa sutikesi.
Kapu ya tiyi inasiya nyanja yozungulira
pamene wojambula anaika chipululu.

Mafuko khumi ndi awiri, lililonse ndi utoto wake:
Nafitali wobiriwira, Aseri ngati m'kati mwa papaya,
Simeoni wofwifwa, dzina latsala theka.
M'munsimu muli chaka chakalekale
ndi dzina la mzinda wozizira wa kutsidya kwa nyanja.
Kaya mwini cholemberayo mchenga wa kumeneko unamuwotchapo mapazi,
ine sindidziwa.
Koma zogawa dziko la eni uli pampando timazidziwa kuno:
taonani momwe awongokera malire athu ndi Angola.

Chimene chinandiimitsa ndi pensulo ya mkuluyo.
Pambali pa Yordano analemba kuti, Kafue amamuposa.
Kuchokera ku Dani anakoka mzere mpaka ku Beereseba:
Lusaka mpaka Kapiri, kuwonjezerapo pang'ono.
Ndinaseka ndekha.
Kadziko konse kaja ka aneneri,
kopondedwa ndi Asuri, Ababulo, Aroma ndi ena obwera pambuyo,
basi ya m'mamawa ikanakamaliza
dzuwa lisanapendeke.

Pawailesi ya Daka, wosoka nsapato pakhonde,
anatchulanso Gaza, ndi chiwerengero cha maliro.
Ndinafufuza ndi chala. Nayu apa,
kadontho m'mbali mwa nyanja yopakidwa bwino,
popanda utsi, popanda mayi wofukula njerwa ndi manja.
Pepala limadziwa kusunga chinsinsi.

Podula galasi ndinadzicheka,
magazi n'kudonthera panjira yotsikira ku Yeriko.
Ndinapukuta msanga ndi malaya
koma kabanga kanakana.
Panjira imeneyo, ndinadzitonthoza, si oyamba kugwerapo.

Lachisanu ndinawanyamula ndekha, nditawakumbatira pachifuwa,
n'kuwoloka nawo msewu wa Kairo.
Palibe madzi anagawikana;
maminibasi okha, ndi mnyamata wina akukuwa
kuti ndisamugwetsere tomato.

Esinati anandidikira pakhomo la ofesi yake.
Anawerenga ndalama kawiri, nandipatsa.
Yerusalemu sanamuyang'ane n'komwe.
Chala chake chinapita molunjika pa Yordano,
pa zilembo zopendekeka zija,
n'kukhala pomwepo
mpaka galasi linachita nkhungu ndi mpweya wake.